Sitima yonyamula ndege: ya nyukiliya kapena ya mafuta?

Mkangano unabuka pa bawo kumsika wa Kasungu, woti sitima yonyamula ndege zankhondo yabwino ndi iti, a Phiri akuti ya America, mphwanga akuti ya Britain. Zonse ziwiri, USS Gerald R. Ford ya America ndi HMS Queen Elizabeth ya Britain, zinayamba ntchito mu 2017.

USS Gerald R. Ford inadya madola pafupifupi 13 biliyoni, yokhayokha. HMS Queen Elizabeth ndi inzake Prince of Wales, ziwirizo pamodzi, mapaundi 6 biliyoni ndi kanthu.

Ford imayendera nyukiliya, imatha zaka zoposa 20 osawonjezera mphamvu. Queen Elizabeth imamwa mafuta, tankala izingoilondola.

Kunyamuka kwa ndege ndiye kunatichedwetsa. Ford imaponya ndege ndi makina a magetsi, ngati legeni, ndiye ngakhale zolemera zimauluka. Imanyamula zoposa 70. Ya Britain ili ndi kachitunda kutsogolo, ndege za F-35B zimathamangirapo n'kunyamuka, potera zimatsika chowongoka. Mitundu ina ya ndege singakwanitse.

Zonse siziyenda zokha, pamafunika sitima zoteteza ndi yoyenda pansi pa madzi.

Dziko lofuna kukhalitsa kunyanja zakutali, thumba lili lonona, litenge Ford. La ndalama zowerengeka, Queen Elizabeth ikwanira. A Phiri sanagonje, anangodya nkhomo zanga.