Ferrari Daytona yopanda denga: yakufakitale, yodulidwa kapena yongovekedwa?

Galimoto zitatu zonsezi mukaziona patali mungalumbire kuti n'zapachibale, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Yongovekedwa sichedwa kudziulula. Tom McBurnie wa ku California ankatenga Chevrolet Corvette n'kuiveka bodi ya faibala yooneka ngati Daytona, mpaka kampani ya Ferrari inamutengera kukhoti. Tsegulani boneti: mupeza injini ya masilinda 8, pomwe Daytona ili ndi 12 ndi makabuleta 6 a Weber. Maginito akakana kumata pachipupa cha kumbuyo, musatayenso nthawi, chifukwa Daytona pamenepo ndi chitsulo.

Mutu umauma pa ziwiri zinazi, poti zonse ndi Ferrari zenizeni. Daytona ya denga, 365 GTB/4, inatuluka mu 1968 ku Paris ndipo zinapangidwa 1,284. Yopanda denga, yotchedwa Spider, anaionetsa ku Frankfurt mu 1969, koma kampani yopanga mabodi ya Scaglietti inangopanga pafupifupi 120. Anthu atayamba kuilimbirana, amisiri monga Richard Straman ku America ndi a kampani ya Autokraft ku England anayamba kudula madenga a Daytona za denga zija. Ena ankadula mwaluso ndithu, n'kulimbitsa tchesi monga ankachitira kufakitale. Ena ankangocheka basi, ndiye galimoto yotere ikaponda bampu imanjenjemera, zitseko n'kumavuta kutseka.

Maso amathandiza pang'ono. Daytona zoyambirira zinali ndi nyali zobisika kuseri kwa pulasitiki yoonekera, ndipo nyali zotukuka zinabwera mu 1971. Spider zogulitsidwa zinali za nyali zotukukazo, choncho yopanda denga ya mphuno ya pulasitiki ndi yofunika kuikayikira. Chiwongolero nachonso chimanena zambiri. Spider za chiwongolero cha kumanja, ngati zimene timayendetsa kwathu kuno, zinali 7 zokha, pomwe zodulidwa za kumanja ku Britain zilipo ndithu. Koma mmisiri wochenjera amasintha nyali, ngakhale chiwongolero chimene.

Chosanama ndi nambala ya tchesi. Nambala za Spider zonse zimadziwika, ndipo nthambi ya Ferrari Classiche ku Maranello imafananitsa tchesi, injini ndi giyabokosi ndi zimene zinalembedwa m'mabuku a fakitale. Wogulitsa akayamba kuzemba nkhani ya mapepala, mwayankhidwa kale.

Spider yakufakitale imadutsa madola 2 miliyoni pa okushoni, yodulidwa siifika n'komwe pamenepo. Ine yodulidwayo sindiinyoza. Injini ndi yomweyo, kulira kwake ndi komweko, ndipo mwini wake amaiyendetsa pamsewu mtima uli m'malo, pomwe inzakeyo imakhalira kupukutidwa m'galaja. Ndikanakhala nazo ndalamazo ndikanagula yodulidwa bwino ya Straman, bola wogulitsa anene yekha kuti denga linalipo, mtengonso ukhale wa yodulidwa.