Maphunziro a yoga pa boma la Dedza

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikupita ku maphunziro a yoga (masewera olimbitsa thupi powongola ziwalo ndi kupuma mwadongosolo) amene mayi wina amachititsa Loweruka lililonse m'mawa mu holo ina pa boma la Dedza. Chimene chandithandiza kwambiri ndi kakhalidwe kotchedwa Baddha Konasana, dzina la m'chinenero cha Sanskrit cha ku India, kumene yoga inachokera. Munthu amakhala pansi msana uli wowongoka, amagundanitsa mapazi ndi kukokera zidendene pafupi ndi thupi, kenako amalola mawondo kugwera m'mbali.

Ine ndimasoka pa makina tsiku lonse, choncho poyamba mawondo anga ankakana kutsika. Aphunzitsiwo sanawakanikize ayi, anapinda chitenje kanayi kuti ndikhalire, nati, "Amayi, pumani pang'onopang'ono, minofu ya m'ntchafu imasuka yokha." Kuleza mtima kumeneku ndiko kwandisunga, ndipo tsopano chiuno sichikundiwawa monga kale ndikaweruka.

Chondidandaulitsa ndi simenti ya muholomo, imene imazizira koopsa mu June ndi July, pamene mphasa zilipo zochepa. Amene akufuna kuyamba atenge mkeka wawo ndi juzi, ndipo ngati ali ndi vuto la bondo awauze aphunzitsiwo asanakhale pansi.