Dilamu yofewetsera zikopa ija patatha miyezi 9

Paja mu Meyi ndinakuuzani kuti abwana kuno ku Limpopo, ku South Africa, agula dilamu yozungulira ndi mota, yoti tizifewetseramo zikopa za nyama tisanaziveke pa chikombole chooneka ngati thupi la nyamayo, ndiye ena munati ndidzabwere ikagwira ntchito kwa nthawi. Ndabwera tsono.

Pa zikopa zopyapyala ngati za nswala ndi mbawala yandithandiza kwambiri, sindinama. Kale ndinkakhalira kukoka chikopa pa thabwa mpaka mapewa kuwawa, pano ndikachipaka mafuta n'kuchisiya chitsale ndi kachinyezi pang'ono, ndimachiponya mkati ndi utuchi, chikamatuluka ubweya uli mbee, ukachipinda m'manja chimangogonja ngati nsalu. Koma utuchi wake usakhale wa paini abale. Ulendo woyamba ndinatenga wa paini poti unali waulere, utomoni unamatirira mu ubweya wa nswala ziwiri, ndinatha tsiku lonse ndikupesa ndi kutsuka, mtima uli phaphapha kuti mwini nyama adzati chani. Ufunika wa mitengo yolimba, wouma bwino, ndipo ukayamba kuda ndi mafuta usinthe.

Pomwe yandikhumudwitsa ndi pa zikopa zokhuthala. Yathuyi ndi yaing'ono, chikopa sichigwa kuchokera patali, ndiye cha mbidzi kapena khosi la ngoma chimangogubuduzika osafewa, umayenerabe kuchipala kaye mpaka chipyapyale. Amene mukufuna kugula, sakani yotakata ngati mamita awiri, yoyenda pang'onopang'ono, chifukwa ikathamanga zonse zimangokakamira m'mbali.

China chomwe ndikufuna mumve, dilamu siikonza chikopa chomwe chinachedwa kuthiridwa mchere. Sizoni ya alenje itafika pachimake mu Julayi kunabwera cha ngoma chomwe kumakutu kwake mchere sunalowe, ine osaona ndinachiponya mu dilamu, nditatsegula chitseko ndinapeza ubweya wathothoka uli mu utuchi, chikopa chili ndi zipsera. Zinandipweteka, nyama yokongola ngati ija. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndakoka ubweya ndi zala kumakutu ndi m'khwapa ndisanaike.

Zoonongeka ndi lamba yekha, tasintha kamodzi, ndi raba ya pachitseko yomwe yayamba kutulutsa fumbi, moti ndimavala masiki. Nyengo ya mvula ino utuchi ukumakoka chinyezi, magetsi akathima zikopa zili mkati ndimazitulutsa pompo n'kuziyanika pamthunzi kuopa nkhungu.