Land Rover Series III ndi mawaya a zowonjezera: zomwe zapirira ndi zomwe zagonja patatha miyezi 10 ku chigwa cha Shire

Galimoto yake ndi Land Rover Series III ya petulo, injini ya malita 2.25, mtundu womwe unkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Mu Ogasiti inaikidwa zinthu zinayi: nyale ziwiri zowonjezera zowalira patali (spot) za 55W iliyonse, fani yamagetsi pa redieta, wailesi, ndi soketi ya USB yotchajira foni. Chiyambireni yakhala ikuyenda pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula, apo ndi apo n'kukwera Thabwa kupita ku Blantyre. Yaona chilimwe cha Okutobala ndi Novembala, pomwe kutentha kuno kumapyola 40°C, yaonanso matope a dzinja.

Mbali yomwe sinavute n'kamodzi komwe ndi ya marelay (maswitchi oyatsidwa ndi moto wochepa omwe amadutsitsa moto waukulu) ndi kabokosi katsopano ka mafyuzi. Moto unatengedwa pa batire penipeni ndi waya wa 6mm², fyuzi yaikulu ya 40A ili pafupi ndi mutu wa batire, osapitirira masentimita 15. Wayayo amathera m'kabokosi ka mafyuzi a blade, ndipo chinthu chilichonse chili ndi yakeyake: 15A ya spot, 20A ya fani, 10A ya wailesi, 5A ya USB. Pa relay, mwendo 30 umalandira moto wochokera ku fyuzi, 87 umaupereka ku nyale pa waya wa 2.5mm², 86 umachokera ku switchi, 85 ndi earth, njira yobwezera moto ku negative ya batire. Switchi ya spot imadya pa waya wa buluu wa mzere woyera, wa full beam, kotero mukadimitsa nyale popishana ndi wakabaza usiku, ma spot nawo amazima okha. Switchi yomwe imangodzutsa relay sinyamula ngakhale theka la amp, n'chifukwa chake mpaka lero siitentha.

Bokosi lakale la Series III lili ndi mafyuzi agalasi anayi basi, ndipo ndi bwino kulisiya momwe lilili. Nambala 35A yolembedwa pa fyuzi ya Lucas imanena moto womwe fyuziyo imapsera. Womwe imapirira nthawi yaitali ndi pafupifupi theka lake. Woikapo fyuzi yamakono ya 35A wasiya mawaya a zaka zoposa 40 opanda chitetezo. Dziwaninso mitundu: waya wa bulawuni amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo alibe fyuzi, woyera amayaka ndi kiyi koma nayenso alibe fyuzi, wobiriwira ndiye wa kiyi wodutsa pa fyuzi. Amene muli ndi Series IIA ya chisanafike chaka cha 1967, yambani mwaona kuti ndi mutu uti wa batire womwe wamangidwa ku chasisi, poti zakalezo zinali za positive earth, kutanthauza kuti mutu wa positive ndiwo unkamangidwa ku chasisi, ndipo wailesi yamakono imapsa nthawi yomweyo.

Choyamba kugonja chinali tepi wakuda. Pofika Novembala guluu wake anali atasungunuka pansi pa boneti, tepi atamasuka ngati khungwa la nthochi, fumbi litamatirira pomwe panali polumikiza. Malo awiri omwe mawaya anangopotedwa ndi manja n'kukulungidwa anasanduka obiriwira mvula itayamba. Omwe anapanidwa ndi pulayala ya crimp n'kuvekedwa heat shrink (kachubu komwe kamafinya waya kakatenthedwa) ya guluu mkati akadali ngati a dzulo. Tepi kuno ndi womangira mtolo wa mawaya, osati wotsekera polumikiza.

Vuto la earth ndiye lofunika kulimvetsa bwino, chifukwa limanamiza anthu ambiri mpaka kukagula mababu atsopano. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, chasisi ndi yachitsulo. Earth ya spot yakumanzere inamangidwa pa mudguard ndi bawuti yachitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikanyowa zimadyana, ndipo mu Febuluwale pansi pa nati panapezeka ufa woyera ngati phulusa, nyale ikuwala mofiira. Kuyeza kwake n'kosavuta: yatsani nyale, ikani multimeter pa DC volts, nsonga ina pa waya wakuda wa nyale, ina pa negative ya batire. Ikawerenga kupitirira 0.2V, earth yanu yadwala. Mankhwala ake ndi kukoka waya wakuda wonenepa chimodzimodzi ndi wa moto mpaka pa chasisi, kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinyezimire, kuika washa ya mano, kumanga, kenako n'kupaka girisi pamwamba.

Relay ya fani inaikidwa m'munsi, miyendo italoza kumwamba. Madzi a m'zithaphwi analowa osatulukanso, relay n'kumata, fani n'kumazungulira kiyi atachotsedwa. Yatsopano ili pamwamba pa bulkhead, khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, miyendo pansi. Pomwe mawaya amaboola bulkhead kulowa m'kati, labala ya grommet isasowe: misewu yafumbi ya kuno imagwedeza galimoto tsiku lonse, ndipo m'mphepete mwa bowo mumacheka waya ngati mpeni. Makoswe nawo anatafuna waya wa sipika galimoto itagona sabata pafupi ndi matumba a mapira. Womwe unali m'paipi ya pulasitiki sanaukhudze.

Soketi ya USB inali pa moto wanthawi zonse, ndipo kanyale kake kamadya batire pang'onopang'ono galimoto ikaima masiku ambiri. Inasamutsidwira pa relay yodzutsidwa ndi waya wobiriwira. Pogula waya wowonjezera, palani ulusi umodzi ndi mpeni. Ukaoneka woyera m'kati, ndi aluminiyamu wokutidwa kopa, amatentha msanga ndipo amathyokera pa crimp.

Chomwe mawaya abwino sangachikonze ndi mphamvu ya alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikulira. Lucas 16ACR yomwe inabwera ndi galimotozi imapereka 34A ikamathamanga, ndipo injini ikangoguguda pamalo amodzi imapereka zochepa kwambiri. Werengani nokha: nyale zazikulu 9A, zakumbuyo ndi za pa dashibodi pafupifupi 3A, coil 3A, ma wiper 3A, spot 9A, fani 10A. Zakwana 37A wailesi isanayatsidwe. Pokwera Thabwa usiku wamvula, pa giya yachiwiri, zonsezi zimayaka pamodzi ndipo chotsalacho chimachotsedwa m'batire. Pa mitu ya batire payenera kuwerengeka pakati pa 13.8V ndi 14.4V injini ikulira. Zonse zitayatsidwa, pa galimotoyi mphamvu inkatsika kufika pansi pa 13V.

Njira yotchipa inali kuchotsa spot za 55W n'kuika za LED za 18W, zomwe ziwiri pamodzi zimadya 3A yokha. Mphamvu inabwerera pamalo pake. Wofuna kusunga nyale zakalezo aike alternator ya 65A, koma asinthenso waya wa bulawuni wochokera pa alternator kupita ku batire ndi wa 10mm², apo ayi wakaleyo ndiye asanduka fyuzi. Lamba wa alternator azibonyeka pafupifupi sentimita imodzi mukamudina ndi chala pakati, ndipo m'miyezi yotentha madzi a batire muziwaona milungu iwiri iliyonse, n'kuwonjezera a distilled okha, osati a pa mjigo, omwe m'madera ambiri a kuno ndi amchere.