Ndemanga pa Raspberry Pi Pico: batani la chilembo ŵ

Papita miyezi inayi chigulireni kabolodi ka Raspberry Pi Pico, kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo zodzipangira, ndipo ntchito imene ndinakagulira yatheka. Ndimakopera pa kompyuta zolemba zakale za Chinyanja zimene zili ndi chilembo ŵ pafupifupi mzere uliwonse, ndipo kuchisakasaka nthawi zonse kunanditopetsa, choncho ndinaganiza zodzipangira kakiyibodi ka mabatani awiri, limodzi la ŵ ndi lina la Ŵ.

Kabolodika kanatuluka mu Januwale 2021 pa mtengo wa madola 4, ndipo kali ndi chip ya RP2040 yothamanga mpaka 133 MHz komanso malo osungira pulogalamu okwana 2 MB. Chimene chinandikopa kwambiri ndi kuphweka kwa USB yake. Mukapanikiza batani la pa kabolodika lotchedwa BOOTSEL n'kulumikiza chingwe, kabolodika kamaoneka pa kompyuta ngati fulashi yotchedwa RPI-RP2, ndipo inu mumangoponyamo fayilo ya pulogalamu ya mtundu wa UF2. Ine ndinaikamo CircuitPython, yolembera malangizo a kabolodi, imene imadalira TinyUSB, pulogalamu yaulere yoyendetsa USB yomwe aliyense angathe kuiwerenga ndi kuisintha, ndipo kompyuta inakalandira ngati kiyibodi wamba popanda kufunsa pulogalamu yapadera yokayendetsera (driver).

Pamene ndinavutika ndi pa chilembocho. Ndinakonza zoti batani lizilemba 0175, nambala ya chilembocho, kenako Alt+X, zomwe mu Word zimabala ŵ. Pachokha chinkatuluka bwino, koma ndikafika pa dzina la Malaŵi zinkakanika, chifukwa a wa kumapeto kwa "Mala" ankawerengedwa pamodzi ndi nambalayo, poti nambala za mtunduwu zimakhalanso ndi zilembo a mpaka f. Ndinakhalira zimenezi usiku wonse mpaka ndinaika U+ patsogolo pa nambala, ndipo kuyambira pamenepo silinaphonyepo.

Zodandaula zilipo ndithu. Kabolodika kalibe batani loyambitsiranso, motero ndinkazula ndi kubwezera chingwe kambirimbiri, mpaka ndinalumikiza kabatani pakati pa malo ake olumikizira otchedwa RUN ndi GND. Kamene ndinagula kanabwera kopanda miyendo (tizitsulo tolumikizira mawaya), ndipo ndinawotcherera ndekha. Ogula asamalenso kuti miyendo yake yolumikizira zinthu monga mabatani (GPIO) imalandira mphamvu ya 3.3V yokha, osati 5V. Chingwe choyamba chimene ndinagula pamsika chinali chongotchajira foni, ndipo ndinataya tsiku ndikuganiza kuti kabolodi n'kakufa, pomwe vuto linali chingwecho.

Ndaitanitsa kale kabolodi kachiwiri, chifukwa ndikufuna kupanga chopondera ndi phazi choimitsira mawu ojambulidwa pamene manja ali pa kiyibodi.