PlayStation kapena kompyuta: mphamvu ya zithunzi ili kuti, nanga kuno ku Lusaka tigule chiyani?

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anafika kwathu ku Chilenje Loweruka lina ndalama ali nazo m'thumba, maganizo ali pawiri. Anati, "Amalume, ndigule PS4 yogwirapo kale ntchito, kapena ndigule graphics card n'kuika mu Dell ija munandipatsa? Anzanga akuti kompyuta imaposa PlayStation nthawi zonse." Graphics card ndi khadi lopanga zithunzi limene limaikidwa m'kompyuta ngati Dell imeneyo. Ndinamuuza kuti akhale pansi kaye. Anzakewo sananame kwenikweni, koma mawu akuti "nthawi zonse" ndi amene amataitsa anthu ndalama.

Ine ndinakulira pa PS2, m'timashopu ta magemu ta m'komboni momwe tinkapereka ka K500 kapulasitiki kaja n'kudikira pa benchi kuti wogonja asiye padi. Makina amenewo anatuluka mu 2000 ali ndi RAM ya 32 MB yokha, ndipo ya zithunzi inali 4 MB. Lero chithunzi chimodzi chojambula pa foni chimafika pamenepo. Komabe nthawi imeneyo kompyuta wamba ya mu ofesi sinkaonetsa zimene PS2 inkaonetsa. Xbox yoyamba ya 2001 ndiyo inaulula chinsinsi, chifukwa mukaitsegula mumapeza kompyuta yeniyeni: processor ya Intel ya 733 MHz, tchipi ya zithunzi ya Nvidia yapachibale ndi GeForce 3, ndi hard disk. Kuyambira pamenepo mabanja awiriwa akhala akuyandikirana.

Nthawi imene console, makina osewerera magemu ngati PlayStation ndi Xbox, inatsogoladi ndi November 2005, pamene Xbox 360 inatuluka. Tchipi yake ya zithunzi, Xenos, yopangidwa ndi ATI, inabwera ndi nzeru yatsopano. Kale mkati mwa khadi munali magulu awiri a antchito: ena oumba maonekedwe a zinthu, ena opaka mitundu ndi kuwala. Gulu limodzi likachulukiridwa ntchito, linalo limangokhala manja lende. Mu Xenos wantchito aliyense ankatha kugwira ntchito zonse ziwiri. Eni makompyuta anadikira chaka chathunthu kuti aone zimenezi, mpaka khadi la Nvidia la GeForce 8800 GTX litatuluka mu November 2006. Ndiye taonani zimene zinachitika mwezi womwewo: PS3 inalowa pamsika ndi tchipi ya RSX, yochokera ku banja la GeForce 7800, lomwe 8800 inali itangolipitirira kumene. PS3 inabadwa ili kale kumbuyo.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, ndipo ndimafuna mphwanga aimve bwino. PS3 yomweyo, ndi memory ya zithunzi ya 256 MB, inanyamula GTA V ndi The Last of Us mu 2013, patapita zaka 7. Amene anagula GeForce 7800 mu 2006 anali ataitaya kalekale pofika chaka chimenecho. Chifukwa chake n'choti console sisintha. Opanga magemu amadziwa kuti PS3 ya ku Tokyo ndi ya ku Matero m'kati mwake n'chimodzimodzi, choncho amaphunzira kufinya kadontho kalikonse ka mphamvu. Zili ngati dalaivala amene wayendetsa minibasi imodzi pa msewu umodzi kwa zaka zambiri: amadziwa dzenje lililonse, amadziwa pamene giya imavuta, ndipo amafika msanga kuposa mlendo wa galimoto yatsopano. Gemu ya pa kompyuta iyenera kuyenda pa makadi mazanamazana osiyana, motero palibe khadi limene limasamalidwa mwapadera chotero.

Mu November 2013 zinthu zinatembenuka. PS4 ndi Xbox One zonse zinatenga zipangizo za AMD, ndipo palibe inayesa kupikisana ndi makompyuta apamwamba. PS4 inali ndi mphamvu ya zithunzi ya 1.84 teraflops (muyeso wa kuchuluka kwa masamu amene tchipi imachita pa sekondi), Xbox One 1.31. Mwezi womwewo Nvidia inatulutsa GTX 780 Ti ya pafupifupi 5 teraflops. Koma khadi lokhalo linkagulidwa madola 699, pamene PS4 yathunthu, ndi padi yomwe, inali madola 399. Pa mphamvu, PS4 inali pakati pa Radeon HD 7850 ndi HD 7870, makadi apakatikati a 2012.

Miyezi ingapo pambuyo pake, mu February 2014, kunabwera GTX 750 Ti ya madola 149, kakhadi kosafuna ngakhale chingwe chapadera cha magetsi. Pa magemu oyambirira a m'badwo umenewo kankayenda phewa ndi phewa ndi PS4, ndipo anthu ambiri ananena kuti console yatha ntchito. Sizinatero. Kakhadiko kanali ndi memory ya 2 GB, pamene PS4 inali ndi 8 GB ya GDDR5 yogawana pakati pa processor ndi zithunzi. Magemu atayamba kulemera, 750 Ti inayamba kubanika. PS4 inapitiriza ulendo mpaka inatipatsa God of War ndi Red Dead Redemption 2 mu 2018, ndi Ghost of Tsushima mu 2020. Ine ndikaika Red Dead pa PS4 yanga, kavalo akuwoloka mtsinje dzuwa likulowa, ndimadabwabe kuti zikuchokera m'makina a 2013.

Kufooka kwa PS4 kuli pa processor. Ili ndi ya mtundu wa Jaguar, imene AMD inapangira timalaputopu ting'onoting'ono, yoyenda pa 1.6 GHz. N'chifukwa chake magemu ake akuluakulu ambiri amaima pa mafelemu 30 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 30 zosinthana pa sikirini sekondi iliyonse. Kompyuta ya mu ofesi ya Core i5 yakale imaiposa kutali pamenepa, ndipo mukaipatsa khadi labwino imafika 60. Amene wazolowera 60 akabwerera ku 30 amamva ngati padi yalemera m'manja. PS4 Pro ya 2016 ndi Xbox One X ya 2017 zinawonjezera mphamvu ya zithunzi kufika 4.2 ndi 6 teraflops, koma Jaguar uja anakhalabe momwemo.

Za m'badwo wa 2020 ndinena mwachidule, popeza ambiri a ife sitinafikeko. PS5 ili ndi 10.28 teraflops, Xbox Series X ili ndi 12, ndipo RTX 3080 ya Nvidia, imene inatuluka miyezi iwiri makina awiriwa asanatuluke, imawerengedwa pafupifupi 30. Musathamangire kugawa manambalawo. RTX 3080 ndi yamphamvu kwambiri kuposa PS5, koma pa gemu siithamanga katatu, chifukwa makampani ndi mibadwo ya matchipi amawerenga ntchito mosiyana. Nambala ya teraflops imathandiza poyerekeza makadi a banja limodzi basi. Chimene chinasinthadi mu 2020 ndi processor ya Zen 2 ndi SSD yachangu yosungiramo magemu, moti mafelemu 60 anakhala chinthu wamba ndipo kudikira kuti gemu itseguke kunachepa kwambiri. Pa ray tracing, kuja kuwala kumaoneka ngati kwenikweni pa madzi ndi pa galasi, makadi a Nvidia ali patsogolo, ndipo njira yawo yotchedwa DLSS imakuza chithunzi chaching'ono n'kuoneka chosalala. Sony inayankha ndi njira yake yofanana nayo, PSSR, pa PS5 Pro mu November 2024, pa mtengo wa madola 699.

Zonsezi ndi za kunja, kumene munthu amagula chinthu chikangotuluka. Kuno ife timagula zimene ena atopa nazo, ndipo funso loyamba si la teraflops. Ndi la malaiti. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, tinaona masiku amene magetsi ankabwera maola ochepa okha, nthawi zina pakati pa usiku. Aliyense amene ankasewera pa inverter anaphunzira masamu mwachangu. RTX 3080 yokha imadya ma watt 320, ndipo Nvidia imalangiza power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, ya ma watt 750. PS5 yonse imadya pafupifupi 200 posewera. PS4 Slim siifika 100. Batire la 12V 100Ah, la mtundu wakale uja, limakupatsani pafupifupi theka la mphamvu yake ngati simukufuna kulipha msanga. Pa batire limenelo PS4 Slim ndi TV ya mainchesi 32 zimakufikitsani maola anayi kapena kuyandikira pamenepo. Kompyuta yaikulu ija imalimaliza ola limodzi litangokwana. Ngakhale malaiti alipo, mayunitsi amatha mofanana ndi mmene makina akudyera, ndipo mwini nyumba amaona.

Chachiwiri ndi TV yomwe muli nayo. M'nyumba zambiri muli ya 1080p kapena yocheperapo, yoonetsa mafelemu 60. Kugula mphamvu ya 4K, chithunzi chakuthwa kwambiri kuposa 1080p, pa TV yotero n'kuthira madzi m'ndowa yodzadza kale.

Chachitatu ndi mabando. Red Dead Redemption 2 pa kompyuta imafuna malo a 150 GB, ndipo njira yake ndi kutsitsa pa intaneti. Pa PS4 mnzako wa ku Kabwata amakubwereka disiki, iwe n'kumubwereka yako, ndipo ukatopa nayo umaigulitsa. Komano kompyuta nayo ili ndi pobwezera: pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, magemu amatsika mtengo kwambiri nthawi za sale, ndipo kusewera ndi anthu pa intaneti sikulipiritsa, pamene pa PS4 magemu ambiri amafuna kuti mulipire PS Plus.

Okonda mpira, amene ndi ambiri mwa ife, amve ichi. Kukhala ndi kompyuta yamphamvu sikunatanthauze nthawi zonse kukhala ndi mpira wokongola. FIFA 14 ya pa kompyuta sinalandire injini yatsopano, pulogalamu yoyendetsa gemu, imene inali pa PS4. FIFA 21 ndi FIFA 22 za pa kompyuta zinali zofanana ndi za PS4, osati za PS5, ngakhale khadi lanu likanakhala lodula chotani. Zinakonzeka pa FIFA 23. Pa mpira ine ndimaima ndi console mosakayika: mumayatsa, mapadi awiri alumikizika, masewera ayamba. Amene akuganiza zotsegula kashopu ka magemu asavutike n'komwe ndi makompyuta, chifukwa ana akabwera asanu ndi mmodzi pa benchi palibe nthawi yolimbana ndi madiraiva a khadi.

Nanga mphwanga uja? Iye ali pa koleji, amafuna makina olembera ntchito za kusukulu ndi kuphunzirapo kukonza mavidiyo. PS4 singamuchitire zimenezo. Choncho ndinamuuza kuti aike khadi mu Dell, koma asagule asanatsegule bokosi. Tinaligoneka pa tebulo n'kuchotsa chivundikiro. Fumbi la mu September linali litaundana pa fani ngati thonje, tinayamba talipukuta ndi kaburashi. Kenako ndinamuonetsa zinthu ziwiri. Bokosilo ndi lopyapyala, khadi lalitali silingatsekeke m'menemo, lifunika lalifupi, lija amati low profile. Ndipo power supply yake ndi yaing'ono, ilibe chingwe cha mapini 6 chimene makadi ngati GTX 1060 amafuna. Zikatero mwatsala ndi makadi amene amadya ma watt 75 kapena kucheperapo kuchokera pa motherboard pomwepo: GTX 1050 Ti ya 2016 kapena GTX 1650 ya 2019, onse a 4 GB. Onsewa amaposa PS4 wamba, ndipo 1650 imaiposa bwino ndithu. PS5 ndiye saiyandikira n'komwe, zimenezo ndinamuuza poyera kuti asadzadandaule.

Khadi loyamba limene anabwera nalo kuchokera m'tauni linandipweteka mtima. Pa bokosi panalembedwa 1050 Ti, Windows nayo inkalitchula 1050 Ti, koma GTA V inkadukaduka kenako n'kuzima. Nditaliyang'ana kumbuyo ndinaona pulagi ya buluu ya VGA, chinthu chimene 1050 Ti yeniyeni siikhala nacho. Tinatsegula pulogalamu yaulere ya GPU-Z ndipo inaonetsa kuti m'kati muli tchipi yakalekale imene anangoisintha dzina. Mnyamata anakhala chete, ndalama zake za miyezi inayi zili pa tebulo. "Amalume, ndiye zapita?" Ndinavala nsapato n'kupita naye. Wogulitsayo anakana poyamba, koma titamuonetsa pa sikirini anabweza ndalama. Chonde, musagule khadi limene simunalione likugwira ntchito. Nyamulani GPU-Z pa flash, ndipo gemu iyende mphindi khumi inu mukuona. PS4 yakale nayonso iyeseni chimodzimodzi: mverani fani ngati ikulira mopitirira, gwedezani chingwe cha HDMI pang'ono muone ngati chithunzi chikuthawa, ndipo lowetsani disiki muitulutse kangapo.

Pali chinanso chimene ogula makompyuta a mu ofesi ayenera kudziwa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu October 2025, ndipo Windows 11 imafuna processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ngati mukugula bokosi lero, funsani m'badwo wa i5 yake musanafunse china chilichonse.

Sabata yotsatira tinapeza 1050 Ti yeniyeni ya low profile, kwa munthu amene analola kuti tiiyese m'nyumba mwake. Inalowa mu Dell bwinobwino, chivundikiro chinatsekeka. GTA V ikuyenda pa 1080p mosalala kuposa pa PS4 yanga, ndipo mnyamata akulemba ntchito zake pa makina omwewo. Loweruka madzulo amabwerabe ku Chilenje ndi mnzake, padi yachiwiri ili m'chikwama, kudzasewera mpira.