Anakana malenzi osatsegula chifukwa cha chilembo chimene analemba okha

Shopu ya maso imeneyi ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo zonse zitatuzo ndi za adokotala a maso a m'chipinda chamkati. A pa kauntala akanakhala okha sakanapeza ngakhale imodzi. Ndikulembera inu amene mumagula ma contact lens (malenzi ovala m'diso) ambiri nthawi imodzi pa shopu imeneyi, kuti mudziwiretu zimene zingakuonekereni muyezo wa maso anu ukasintha mabokosi asanathe.

Malenzi enieniwo ndilibe nawo mlandu. Ndi aja ovala tsiku limodzi n'kutaya, 30 m'bokosi, ofewa bwino, ndipo sauma m'maso ngakhale utakhala pa kompyuta mpaka madzulo. Mtengo wake mukuudziwa kale, si wamasewera, n'chifukwa chake ambirife timakopeka ndi kutsitsa kuja amachita ukagula a chaka chonse. Pondigulitsa anandiuza momveka bwino kuti muyezo ukasintha, bokosi lililonse losatsegula adzandisinthira, bola ndisunge lisiti. Lisitilo ndinasunga.

Chaka chisanathe ndinayamba kuona zilembo za pa foni zili ndi kamthunzi, usiku magetsi a magalimoto akutambasuka mizeremizere. Adokotala atandiyeza anapeza kuti diso lamanzere lachoka pa -3.25 lafika pa -3.75, ndipo lamanja lili ndi astigmatism, kupindika kosafanana mbali zonse kwa diso, kofunika lenzi lapadera lotchedwa toric, limene limakhala ndi manambala ena awiri, a cylinder ndi a axis. Basi, zonse zimene zinali m'kabati kunyumba zinasanduka zopanda ntchito kwa ine: mabokosi 8 osatsegula ndi 2 amene ndinali nditayamba kale.

Ndinawanyamula m'thumba lomwe lija anandipatsira. Mnyamata wa pa kauntala anawatulutsa limodzilimodzi, kuwatembenuza uku ndi uku, kenaka n'kuwakankhira kwa ine.

"Amayi, awa sitingalandire. Ndi olembedwa."

Pa mabokosi 4 a diso lamanja panali chilembo cha R chachikulu, chakuda bii. Analemba ndi iyeyo, tsiku logula lija, ine ndikuona, akuti ndisamasokoneze la kumanja ndi la kumanzere. Sanandifunse ngati ndikufuna, sanandichenjeze kuti bokosi lolembedwa silibwezedwa.

"Achimwene, dzanja ili ndi lanu. Munalemba nokha ine nditaima pomwe pano."

Anati sakukumbukira, makasitomala ndi ambiri, ndipo lamulo ndi lamulo: kampani yopanga malenzi silandira bokosi lolembedwa kapena lomatidwa kanthu. Lamulolo ndikulimvetsa, bokosi lobwezedwa liyenera kukhala loti akhoza kuligulitsanso kwa munthu wina. Koma ngati lamulo mukulidziwa, cholembera chikutani m'manja mwanu? Nditati chabwino, landirani 4 osalembedwawa, nkhani inasinthanso. Akuti katundu wogula pa mtengo wotsitsa sabwezedwa. Pa lisiti palibe mawu amenewo, pakhoma palibe, ndipo amene anandilonjeza zosintha anali iye yemweyo.

Mpaka apo ndinali nditangokhumudwa. Chimene chinandikwiyitsa mpaka manja kunjenjemera ndi malangizo amene anandipatsa akundibwezera thumba.

"Ingowaikani pa Facebook amayi, agulidwa lero lomwe. Kapena ngati kwanu kuli wina wovala magalasi, mupatseni, bola nambala ikhale yoyandikira."

Munthu wogwira ntchito pa shopu ya maso kulankhula zimenezi! Lenzi si nsapato yoti ikakuthina umapatsa mng'ono wako. Tengani bokosi lanu muone m'mbali: kupatula nambala ya mphamvu pali BC, pa anga analemba 8.5, ndiye kupindika kwa lenzilo, ndi DIA, pa anga 14.2, ndiye kukula kwake m'mamilimita. Lenzi limakhala pamwamba penipeni pa cornea, kakhungu koonekera kaja kali kutsogolo kwa diso, ndipo kupindika kwa cornea kumasiyana munthu ndi munthu. Likathina, misozi siyenda bwino pansi pake ndipo diso limafiira. Likakhwepa limangoyendayenda n'kumakhula diso. Anthu awiri akhoza kukhala ndi -3.25 onse, koma lenzi lokhala bwino mwa mmodzi n'kumupweteka mnzakeyo. Ngakhale nambala ya pa magalasi a mafelemu si yomweyo nthawi zonse, chifukwa magalasi amakhala pafupifupi mamilimita 12 kutali ndi diso, ndipo mphamvu ikapitirira 4.00 dokotala amayamba wawerengeranso asanalembe ya malenzi. Ku America bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA limaika ma contact lens onse m'gulu la zipangizo zachipatala, ngakhale aja ongosintha mtundu wa maso, ndipo kugulitsa popanda pepala la dokotala n'kulakwira lamulo.

Komanso taganizirani munthu amene wagula malenzi pa intaneti kwa mlendo, sanaphunzitsidwepo kavalidwe kake. Adzawatsuka ndi madzi a pa mpopi, adzagona nawo, adzavala la tsiku limodzi sabata yathunthu poopa kuwononga ndalama. M'madzi a pa mpopi mumatha kukhala kachilombo ka Acanthamoeba, kamene kakalowa mu cornea kamavuta kwambiri kuchiza, ndipo chilonda cha pa cornea chimatha kusiya chipsera choti munthu saonanso bwino moyo wake wonse. Ine ndikanabweza ndalama zanga, wina n'kutaya diso. Ndinamuuza mnyamatayo zimenezi mosabisa, ndipo mawu anga anakwera.

Ndi phokosolo limene linatulutsa adokotala. Ndi mayi wachikulire, wodekha, ndipo sanafunse kuti wayambitsa ndani. Anangoti, "Mayi, talowani kuno tikambirane, tengani ndi mabokosiwo."

Apa ndi pamene mtima unayamba kutsika. Anavala magalasi awo n'kuyang'ana bokosi lililonse: ngati chomata chili chosang'ambika, nambala ya LOT, ndi tsiku lotha ntchito, limene limalembedwa pafupi ndi kachizindikiro ka kabotolo ka mchenga koyezera nthawi. Onse anali adakali ndi nthawi yaitali. Mabokosi 4 osalembedwa anawasintha pomwepo ndi a -3.75, osawonjezera kalikonse. Za olembedwa aja anaitana mnyamatayo, n'kumufunsa funso limodzi lokha, ngati amalemba pa mabokosi a makasitomala. Anavomera kuti amatero. Adokotala anati ndiye kuti vutoli ndi la shopu, osati la ine. Kampani singawalandiredi, koma timapaketi ta m'katimo n'tomata chilichonse pachokha, ndiye iwo adzatigwiritsa ntchito poyesera odwala amene awayeza n'kupeza kuti muyezo umenewo ukuwakwana. Ndalama za mabokosiwo anazichotsera pa malenzi a toric. A toric ndi okwera mtengo kuposa wamba, zimenezo mukuzidziwa, ndiye ndinawonjezera ndithu, koma sindinadandaule.

Chimene ndinayamikira koposa n'chakuti sanandithamangitse. Ndinawafunsa za mabokosi 2 otsegula aja, poti palibe shopu ingalandire bokosi loyamba kale. Anati a diso lamanzere ndikhoza kusungako pang'ono a pangozi, monga tsiku limene magalasi athyoka, chifukwa ndi mtundu womwewo umene unandikwana kale ndipo angotsalira pang'ono mphamvu, koma ndisayendetse nawo galimoto usiku. Ndiwasunge pamalo pozizira bwino, osati padzuwa kapena m'galimoto yotentha. Tsiku lake likangopitirira, nditaye osaganiza kawiri. Ambirife timaganiza kuti pulasitiki sawola ndiye tsikulo n'longolemba, koma nkhani ili pa madzi amchere amene lenzi limakhalamo ndi kachivindikiro ka foyilo kaja. Tsiku likadutsa, wopanga satsimikizanso kuti m'katimo mudakali mopanda tizilombo. Ndipo ngakhale tsiku lisanakwane, kapaketi kakakhala kofufuma, kodontha, kouma kapena madzi ake achita mbuu, kameneko n'kotaya.

Ndinafunsanso zopereka kwa osowa, chifukwa kutaya zinthu zabwinobwino kumandiwawa. Magalasi a mafelemu n'ngosavuta, a bungwe lothandiza anthu la Lions Clubs akhala akutolera akale kwa zaka zambiri, kuwatsuka, kuwayeza mphamvu n'kukawagawa. Malenzi ndi nkhani ina. Kumene amalandira amafuna osatsegula, tsiku lake lisanathe, ndipo woyenera kuwapereka kwa wodwala ndi dokotala amene wamuyeza, osati ine kapena inu. Timapaketi totsala ta diso lamanja ndinawasiyira adokotala omwewo. Ngati muli ndi otsala kunyumba, yambani mwafunsa amene anakuyezani maso, musanaganize za wachibale kapena msika wa pa intaneti.

Pa zotaya ananena mawu amodzi mobwereza: osati m'sinki, osati m'chimbudzi. Mu 2018 akatswiri a ku Arizona State University anapeza kuti anthu 15 mpaka 20 mwa 100 aliwonse ovala malenzi ku America amawataya m'sinki kapena m'chimbudzi. Malenziwo sasungunuka. Akafika kumalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi amangophwanyika tizidutswa ting'onoting'ono ta pulasitiki, timene timathera m'matope amene amakathira m'minda, kenaka mvula n'kutikokolera m'mitsinje. Choyenera n'kukhuthula madziwo, lenzilo n'kuliponya m'bini ya zinyalala. Katoni wake amapita ku mapepala okonzanso. Kapaketi kapulasitiki kaja ndi ka polypropylene, ka nambala 5 pa mitundu ya pulasitiki, kokonzekanso ndithu, koma n'kakang'ono moti makina osankhula zinyalala nthawi zambiri amakaphonya. N'chifukwa chake kampani yopanga malenzi ya Bausch + Lomb inagwirizana ndi kampani yokonzanso zinyalala ya TerraCycle ku America kuyambira 2016 kuti azitolera malenzi ogwiritsa ntchito kale, timapaketi ndi foyilo yomwe kudzera m'mashopu a maso, ndipo Johnson & Johnson inayambitsa zofanana ku UK mu 2019. Shopu ino bokosi lotolera lotero ilibe. Adokotala anati akhala akulipempha, eni ake sanayankhebe.

Ndiye n'chifukwa chiyani nyenyezi zili zitatu osati zisanu, pamene zonse zinatha bwino? Chifukwa zinatha bwino nditakweza mawu. Munthu wamanyazi akananyamula thumba lake n'kumapita, ndalama za miyezi inayi zitalowa m'madzi, mwinanso akanakatsatira malangizo a pa Facebook aja poganiza kuti wanena ndi wodziwa. Mnyamatayo sanapepese, ngakhale pamaso pa adokotala. Malenzi a toric ataitanitsidwa anandilonjeza foni akafika, foniyo sinabwere, ndinachita kuimba ndekha n'kumva kuti anafika kalekale. Ndipo nditapita kukatenga ndinamupeza akulemba chilembo chomwecho pa bokosi la bambo wina. Ndinawauza bambowo kuti akane, anadabwa, koma anakana.

Kwa eni shopu: lamulo lanu lobwezera katundu lilembeni pa lisiti, liu ndi liu, kuti lisamasinthe malinga ndi amene waima pa kauntala. Ngati mukufuna kuthandiza kasitomala kusiyanitsa maso, lembani pa thumba kapena pa kapepala kapadera. Ndipo aliyense wogwira malenzi aphunzitsidwe kuti sauza munthu kukagulitsa kapena kugawa zinthu zolowa m'diso.

Kuyezetsa maso ndidzapitabe komweko chifukwa cha adokotala aja. Anandilangiza kuti muyezo ukangosintha kumene, makamaka wa toric, ndiyambe ndi malenzi oyesera, ndibwerenso aone mmene akhalira m'diso, kenaka ndizigula a miyezi yochepa mpaka titatsimikiza kuti muyezo wakhazikika. Ndatsatira zimenezo ngakhale kutsitsa kwa a chaka chonse kwandidutsa. A toric-wo ndikawavala m'mawa amatenga kanthawi kuti akhale m'malo, ndimaphethira kangapo zisanayere, koma akakhazikika kamthunzi ka pa zilembo kaja sikaonekanso, ndipo ndayambiranso kuyendetsa usiku.